Mapilitsi a pangozi asamagone m'kabati wikendi yonse

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yathuyi ndikambepo za mapilitsi olera a pangozi, aja atsikana amangoti ma emejensi kapena Postinor. Ine ndine nesi komanso mzamba, ndagwirako ku zipatala zing'onozing'ono zakumudzi ndi za mtauni momwe, nde zina zomwe ndilembe pano zikhudza atsikanawo koma zambiri zikhudza ife tomwe ovala zoyerafe, anzanga musandikwiyire tingokambirana basi. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti mankhwala amenewa amafika mpakana mu mashelefu athu, ku chipatala cha boma ndi aulere, koma mtsikana amene akuwafuna amawapeza nthawi itatha kapena sawapeza n'komwe, ndipo sikuti nthawi zonse vuto limakhala sitoko ayi, kawirikawiri ndi makiyi ndi pakamwa pathupa.

Ndifotokoze kaye mmene amagwirira ntchito chifukwa apa mpamene bodza lachulukira. Umuna ukalowa mwa mkazi umatha kukhala wamoyo mpaka masiku 5 ukudikira dzira. Chomwe pilitsi lija limachita, la levonorgestrel la 1.5 mg kapena aja awiri a 0.75 mg mu kapaketi kamodzi, ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke msanga, nde umuna uja umadikira mpaka kufa osakumana ndi kanthu. Basi. Silichotsa mimba. Ngati mimba yakhazikika kale pilitsili silingayisunthe olo pang'ono, ndipo mwana ali m'katiyo silimupweteka, a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amanena zomwezi. N'chifukwa chake nkhani yonse yagona pa changu, ukamwa tsiku lomwelo mwayi ndi waukulu, mkati mwa maola 72 bola, ndipo mpaka maola 120 omwe ndi masiku 5 munthu amapatsidwabe ngakhale mphamvu yake imakhala ikutsika tsiku ndi tsiku. Dzira likakhala kuti latuluka kale pilitsi silithandizanso, nde tisamanamize ana kuti akamwa ndiye zatheka 100 pa 100.

Tsono taonani mmene wikendi imadyera maola amenewa. Zinthuzi sizichitika Lachiwiri 9 koloko m'mawa anesi a zakulera ali pa mpando. Kondomu imaphulika Lachisanu usiku, mwana wa selofu boding'i amakakamizidwa ndi mwana wa alandilodi Loweruka, mayi wapabanja amazindikira Lasabata kuti tsiku la jakisoni linadutsa kalekale ndipo abambo abwera kuchokera ku Joni. Mtsikana uja amalimba mtima Loweruka m'mawa kufika pa geti, alonda amuuza kuti a zakulera abwera Lolemba, lero ndi za imejensi zokha, ngati kuti yakeyo si imejensi. Lolemba mukamuona ali kumapeto kwa benchi, siketi ya yunifomu waiphimba ndi chitenje, buku la kuchipatala walipinda pawiri mu kajumbo, mbali zonse azimayi a ana kumbuyo ena mwa iwo oyimba kwaya limodzi ndi mayi ake. Amalola anthu onse amudutse pa mzere kuti alowe womaliza. Akalowa mawu satuluka, amangoti "anesi ndimafuna mankhwala aja," iwe nkufunsa kuti zinachitika liti, iye maso ali pansi "Lachisanu usiku." Werengani nokha, 10 koloko usiku Lachisanu kufika 10 koloko m'mawa Lolemba ndi maola 60 apita, ndipo Lolembalo likakhala la holide ndiye Lachiwiri akufika pa maola 84. Pilitsi linali pompo nthawi yonseyi, mamita ochepa kuchokera pa geti pomwe anabwezedwa, chitseko chokiya, makiyi ali m'chikwama cha munthu amene wapita kumaliro.

Chikhalirecho ku mateniti kumakhala kotsegula usiku ndi usana, palibe chipatala chomwe chimauza mayi wa matenda kuti bwerani Lolemba. Kuli nesi, kuli nyali kaya tochi, kuli dirowa. Komwe ndikugwira panopa tinangogwirizana ndi a ku famase kuti Lachisanu tisanaweruke timasiya mapaketi angapo ku mateniti ndi kalejisitala kake pambali, Lolemba nkuwerengetsana, ndipo alonda tinawauza kuti mtsikana akafunsa za kulera wikendi musamufunse zambiri mulozereni ku mateniti. Sizinafune wekishopu ku nyanja olo alawansi. A DHO, akulu a zaumoyo m'boma, atafuna atha kulemba memo imodzi yokha nkukhala choncho boma lonse.

Koma olo chitseko chitseguke pali pakamwa pathu paja. Ndamvapo ndi makutu angawa mnzanga akukuwa chitseko chili pululu, "iwe kamwana iwe wayamba kale zimenezi, mayi ako akudziwa?" Ena amati kaitane mwamuna wakoyo abwere, ena amati bwera ndi kholo, ena amayamba ulaliki wa mphindi 20 za Sodomu kenako nkumuuza kuti mankhwala atha pomwe alipo. Timati safunsa anadya phula, nanga uyu wafunsayu tamudyetsa chani? Ndipo sathera pa iye yekha, akabwerera ku hosteli amakauza anzake onse kuti kumene kuja osapitako, nesi wake ndi wolusa, nde atsikana 30 ataya chipatala chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi. Pakatha miyezi itatu yemwe uja timamulandira ku wodi ya amayi akutaya magazi, thupi lili moto, kamtengo ka chinangwa kathyokera m'kati, ndipo pamenepo timathamanga tonse, dilipi, magazi, ambulansi, mafuta, pena mpakana chiberekero kuchotsedwa mwana wa zaka 17. Pilitsi limodzi lomwe tinamumana lija mtengo wake sungafanane n'komwe ndi zimenezi.

Anzanga ambiri sadziwa kuti kubweza munthu chonchi ndi kuphwanya lamulo. Gender Equality Act ya 2013 imanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo la uchembere ndi kulera, ndipo gawo 20 limatiuza ife ogwira ntchito zachipatala kuti tipereke njira zolera kwa amene wazifuna posayang'ana kuti ali pabanja kapena ayi, wabwera ndi mwamuna kapena yekha, komanso timulemekeze. Kulakwira gawo limeneli ndi mlandu. Unduna wa zaumoyo unayambitsa pulogalamu ya Youth Friendly Health Services mu 2007, zikwangwani zake zilipo mu zipatala zambiri mpaka zina penti inafufutika, koma kachipinda kake kamatsegulidwa masana a tsiku limodzi pa sabata nthawi yomwe ana ali mkalasi, kaya amayembekezera kuti abwera ndani.

Zina si nkhanza ayi, ndi kusadziwa chabe, ndipo izi zimandichititsa manyazi kwambiri chifukwa tonse tinadutsa ku koleji. Alipo anesi ndi makilinishani amene mpaka lero amabweza munthu akangoti padutsa maola 73, pomwe mpaka masiku 5 umamupatsa ndithu. Alipo amene amafuna kumuyeza m'kati kaye kapena kumuuza kuti adikire asambe ndiye abwere, nanga akasamba pilitsi la pangozi lidzakhala la chiyaninso. Alipo amene sitoko ikatha amangoti kulibe pitani, osakumbuka kuti Microgynon yemwe wadzadza mu katoni uja amagwira ntchito yomweyi, mapilitsi 4 pompo ena 4 pakatha maola 12, osati a bulauni aja, ngakhale njira imeneyi imachititsa nseru kwambiri ndipo mphamvu yake ndi yocheperako. Ndipo ndi angati mwa ife amene amamuuza mtsikana kuti lupu ya kopa ikayikidwa mkati mwa masiku 5 ndiye njira ya pangozi yamphamvu kuposa zonse, yoposa 99 pa 100, ndipo akafuna atha kukhala nayo zaka 10 osaganizanso za mimba? Timangoti lupu ndi ya azimayi obereka kale, zomwe si zoona, mwina chifukwa ambirife manja anazizira sitinayikenso lupu chichokereni ku sukulu.

Palinso mafunso awiri atatu amene timayenera kufunsa m'malo mwa aja a mayi ako akudziwa. Kodi ukumwa mankhwala a TB? Nanga a khunyu? Rifampicin, phenobarbitone, carbamazepine, phenytoin komanso ma ARV akale aja okhala ndi efavirenz amapangitsa chiwindi kuphwanya pilitsili msanga nde mphamvu imachepa, munthu wotere bola lupu, apo ayi dozi imawirikizidwa. Ma ARV a dolutegravir omwe anthu ambiri anasinthidwira kuyambira 2019 alibe vuto limeneli. Kenako umamuuza kuti ukasanza pasanathe maola awiri ubwerenso udzamwe lina, kuti nseru, mutu, mabere kuwawa kapena timagazi pang'ono zisakuopse zimatha zokha, kuti kusamba kutha kufulumira kapena kuchedwako, koma kukachedwa kupitirira sabata ubwere tidzayeze mimba. Ndipo chofunika kwambiri chomwe atsikana ambiri sadziwa, pilitsi lamwedwa lero ndi la zomwe zinachitika kale, silikuteteza za mawa, ukagonananso osadziteteza mawa lake uli pa ngozi yatsopano. Zonsezi kunena sizitenga mphindi 5.

Kwa atsikana nako kuli zake. Amene sanamvepo za pilitsili amadalira za ku hosteli, kokakola wothira Panado, tiyi wa masamba ambiri wopanda shuga, kudumphadumpha, kukodza pompo, kutawasa ndi sopo, ena mpaka kumwa madzi a safu. Palibe chimagwira olo chimodzi, ndipo mapanado ambiri nthawi imodzi amaononga chiwindi munthu nkufa ndithu. Amene anamvapo ambiri amaopa kuti akamwa sadzaberekanso, ati mapilitsi amaunjikana m'chiberekero, pomwe mankhwalawa amatuluka m'thupi pa masiku ochepa ndipo mwezi wotsatira munthu atha kutenga mimba bwinobwino. Chomwe chimatseka machubu ndi matenda opatsirana osachizidwa ndi kuchotsa mimba kwa kuseri kuja, koma zimenezi saziopa amaopa kapilitsi kamodzi.

Ndiye pali gulu lina, makamaka mtauni ndi mu makoleji, limene lapanga Postinor kukhala njira yawo ya mwezi ndi mwezi. Imani pa famase iliyonse Lasabata m'mawa muone. Amene amabwera ndi mnyamata, osati mtsikana, kapusi waitsitsa, amayamba wagula Panado ndi ka vaselini kuti anthu achoke pa kauntala, kenako amatembenuza foni kuonetsa chithunzi cha kabokosi osalankhula kanthu, akalandira ndiye amafunsa motsitsa mawu, "asisi, atamwa mapaketi awiri sizingatsimikizike bwino?" Mtsikana mwini wake amene amayenera kumva malangizo aja ali ku chipinda akudikira, nde zonse za kusanza, za TB, za kuyezetsa sizimufika. Ine sindikuti kumwa kangapo kumapha kapena kumaumitsa ayi, olo kawiri mwezi umodzi ngati ngozi yachitika kawiri amwe ndithu, kuposa mimba yosafuna. Koma ngati ngoziyo ikuchitika Loweruka lililonse ndiye si ngozinso, munthuyo akufunika jakisoni, Sayana yodzibaya yekha ija, implanti kaya lupu, zomwe zimateteza bwino kuposa pilitsili komanso sizisokoneza masiku osamba chonchi, ndalamanso sizimuthera. Ndipo tsiku lomwe wabwerera pilitsi la levonorgestrel ndi tsiku labwino lomuyambitsa njira yokhazikika pompo, nkumuuza agwiritse kondomu sabata yoyamba. Tikamukalipira mwayi umenewu timautaya. Komanso pilitsili HIV siliidziwa n'komwe, chindoko, chizonono, zonsezo zimadutsa, nde mnyamata amene akukana kondomu ati poti ndikugulira emejensi mawa ameneyo akudzikonda yekha.

Pang'ono za ogulitsa, mapilitsi ena akupezeka mu ma gulosale ndi pa msika atakhala padzuwa, deti yofufutika, dzina losadziwika. A PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ayendereko kumeneko, ndipo atsikana gulani pa famase yovomerezeka muziona deti.

Nkhani ya ogwiriridwa ndiye imafuna kalata yakeyake koma ndingonena izi. Mwana kapena mayi akagwiriridwa pali mawotchi awiri akuyenda nthawi imodzi, la mimba ndi la HIV, ndipo la HIV ndi lothina kwambiri chifukwa PEP, mankhwala oteteza kuti HIV isamugwire, imayenera kuyambika mkati mwa maola 72 nkumwedwa masiku 28. Koma kumudzi nkhani imayamba yapita kwa ankhoswe, kenako kwa amfumu, akambirane za mbuzi ndi chindapusa, sabata yatha ndiye wina nkukumbukira za chipatala. Ena akafika kuchipatala msanga amauzidwa kuti kayambeni mwatenga kalata ku polisi, polisi yake ili makilomita 20 ndalama ya kabaza palibe. Thandizo liyambe, kalata ibwera pambuyo, a Victim Support Unit sathawa. Ku zipatala zazikulu ngati Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu kuli ma One Stop Centre komwe nesi, apolisi ndi a zachisamaliro amapezeka malo amodzi, ndi chinthu chabwino zedi, koma mwana wa ku Nsanje kumalire kapena ku Chitipa amayamba wafika pa kachipatala kakang'ono kathu komweka, nde ifeyo tikhale okonzeka. Mafumu ndi a mother group uthenga ndi womwewu, mlandu muweruza mawa, lero mwana apite kuchipatala. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Ndikudziwa ena powerenga apa ayamba kale kunena kuti nesi ameneyu akulimbikitsa chiwerewere. Inenso ndine kholo, ndimapemphera, ndipo mwana wanga ndimamuuza kuti adikire. Koma manambala ndi awa. Kafukufuku wa DHS wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi mimba. Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno, ndipo mimba zoposa theka zinali zosakonzekera. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid boma lomwe linalengeza za mimba za atsikana zoposa 40,000 pa miyezi yochepa. Ana amenewa sanatenge mimba chifukwa wina anawauza za pilitsi la pangozi, ambiri sanalimvepo n'komwe. Tinasintha malamulo mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, tili ndi ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere ku sukulu, zonsezo nzabwino, koma ndi angati amabwereradi mwana ali kumbuyo fizi kulibe anzake akumuseka? Munthu amene amadana ndi kuchotsa mimba, ngati ine, amayenera kukhala woyamba kufuna kuti pilitsili lipezeke, poti limagwira mimba isanakhalepo.

Zipatala zina za mishoni sizipereka njira zolera chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndi ufulu wawo sindilimbana nawo, koma pali madera omwe chipatala chapafupi ndi chomwecho basi. Pamenepo chonde muuzeni munthuyo mwachangu komanso mwaulemu komwe angakapeze, osamusunga pa mzere tsiku lonse nkudzamuuza madzulo kuti kuno sitipanga zimenezo. Ndipo mpamene alangizi a zaumoyo akanathandiza, iwowa amakhala m'mudzi momwemo, amabaya kale Depo, amagawa kale mapilitsi ndi makondomu, chovuta nchiyani kuti mlangizi aliyense akhale ndi mapaketi angapo a pangozi mu chikwama chake nthawi zonse? Mtsikana atha kugogoda kwa alangizi madzulo ngati akukapempha moto, palibe angadziwe. Ngakhalenso kumupatsiratu munthu paketi imodzi kuti asunge, makamaka amene amadalira makondomu okha kapena akukhala kutali, ine sindionapo cholakwika, mesa Panado timasunga mutu usanayambe kuwawa.

Aphunzitsi a Life Skills nawo mutu umenewu amaudumpha kapena amangowerenga mothamanga maso ali pa bolodi, mwina akuopa makolo ndi komiti. Itanani nesi wapafupi abwere adzayankhe mafunso, ana alembe pa timapepala osalemba dzina, mudzadabwa zomwe ana a Fomu 2 amafunsa. Amene ali ndi foni ya Airtel athanso kuyimba 54747 ku Chipatala cha pa Foni mwaulere nkufunsa osaonana ndi munthu maso ndi maso, ndipo ku Banja La Mtsogolo ndi ku bungwe la zakulera la FPAM nakonso amathandiza achinyamata pa nkhani zomwezi. A Nurses and Midwives Council ndi makoleji athu, pa maphunziro owonjezera a anesi aja a CPD tiyikeniponi mutu umenewu, osati ma silaidi okha koma munthu ayeseze kuyankha mwana wa zaka 16 amene wanena kuti kondomu inaphulika, nkhope yake osasintha.

Inu akonzi pempho langa ndi ili, musangosindikiza kalatayi nkusiya. Tumani mtolankhani wanu wachitsikana, avale wamba, apite Loweruka madzulo pa zipatala zingapo za mtauni ndi zakumudzi akanene pa geti kuti akufuna mapilitsi a pangozi, alembe nthawi yomwe wafika, amene wamuyankha choyamba, mawu omwe wauzidwa ndi nthawi yomwe pilitsi lafika m'manja mwake ngati lafika. Komwe amulandira bwino mudzatchule tidzawayamikire nkuphunzirako, kwinako mukafunse a DHO ake kuti makiyi amasunga ndani.

Nesi wodandaula,
Machinga